Chingwe cha Agogo

"Mapoto okha?"

"Mapoto ndi mphasa. Ndi ndowa ziwiri zija zokhala ndi zivundikiro."

"Nanga mwini mapoto?"

"Iwe mwana, ine ndikulankhula ndi mlamu wanga. Ngati mafunso akukuyabwa, dikira sukulu atsegule ukafunse ana ako a masamu."

Abambo aakulu anali atakhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo. Anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma, akamayang'ana munthu amaoneka ngati akudikira kuti awaonetse tikiti. Amayi anali kuseri kwa makina awo osokera, phazi lili pachopondera, koma makinawo anali chete. Ine ndinali chilili pakhomo ndi thireyi ya tiyi.

Amayiwa sanandibale. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo abambo aang'ono ndi akazi awo ananditenga. Mwana wina m'nyumbamo sanabadwemo. Tsiku limene abambo aakulu anabwera kudzapempha mapoto, panali patatha miyezi inayi chiikireni abambo aang'ono m'manda.

"Alamu, mapoto mutenga," anatero amayi. "Koma lalikululo khutu limodzi linagwedera, anyamata asalinyamule ndi dzanja limodzi."

"Amayi, mwamva zimene akunena? Aitana mapoto. Inu sanakuitaneni."

"Ndamva. Makutu anga sanagwedere. Thira tiyi."

Kwathu kuli pikiniki. Anaiyambitsa ndi agogo aamuna zaka makumi anayi zapitazo, Loweruka lomaliza la tchuthi chachikulu, pansi pa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Ankati atopa ndi kuona ana awo akukumana pamaliro pokha. Chaka chachitatu kunabwera amuna asanu ndi mmodzi amene aliyense ankaganiza kuti ndi alendo a mnzake. Anadya, anavina, anaima nawo pachithunzi, mmodzi mpaka analankhula mawu othokoza m'malo mwa banja lonse, kenako anakwera njinga zawo. Mpaka lero palibe akudziwa kuti anali ndani. Kuyambira pamenepo agogo anaika lamulo: munthu asanalandire mbale, aimirire atchule chingwe chake, ndiye kuti afotokoze mmene walumikizirana ndi agogowo. Ine ndimati, "Ndine mwana wa wachiwiri wa agogo." Amayi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akhala akunena kuti, "Ndine mkazi wa wachitatu wa agogo."

Amuna a kwathu ali ndi khalidwe limodzi: amayamba aika akazi awo m'manda, iwo n'kutsatira pambuyo. Agogo anatero, abambo ondibala anateronso. Abambo aang'ono ndiwo anasemphanitsa, monga ankachitira ndi zinthu zambiri. Choncho lamulo la agogo linali lisanakumanepo ndi mkazi wamasiye.

"Ine lamulo sindinapange, ndinalipeza," anatero abambo aakulu akuyang'ana mkati mwa chipewa. "Mlamu, mukaimirira pamaso pa anthu, munena kuti chiyani?"

"Zimene ndimanena chaka ndi chaka."

"Mkazi wa wachitatu. Wachitatuyo ali kuti?"

Amayi anayamba kutola ulusi pansalu, ulusi umene panalibe.

"Ali kumene kuli agogo," ndinayankha ine. "Agogowo timawatchula tonse, ndipo palibe amene amafunsa kuti ali kuti."

"Chibale ndi fupa, sichiola. Koma ukwati umatha ndi imfa. Abusa ananena okha tsiku la ukwatiwo. Ine ndinalipo, iwe kunalibe."

"Ndiye amayi ndi mnofu umene waola eti?"

"Iwe!" anandidzudzula amayi. "Pakamwa pakopo ndisoka."

Abambo aakulu anathira masupuni atatu a shuga, ngakhale kuchipatala anawaletsa, ndipo anatipempha kuti tisakawauze akazi awo. Anamwa pang'ono, n'kuika kapu pansi.

"Mlamu, ine ndikukutetezani. Sindikufuna kuti muimirire, anthu ayambe kunong'onezana, inu muchite manyazi. Ndi bwino mupume chaka chino. Mwatopa ndi maliro." Anatulutsa envelopu yakale ndi cholembera m'thumba la jekete. "Kungoti mundithandize pang'ono. Lole ija mng'ono wanga ankaipeza kwa ndani?"

"Kwa dalaivala wa kuchigayo. Koma musapite kwa iye, amavomera zonse n'kuiwala. Mukauze akazi ake."

Analemba. "Nanga nkhuni?"

"Kwa kalipentala, zidutswa. Mumuuze kukadali sabata kuti asatenthe. Ndipo mwini munda wa kumtsinje muyenera kumukumbutsa Lachinayi kuti asamutse ng'ombe, apo ayi mukayala mphasa pandowe."

Analemba mpaka envelopu inadzaza, anaitembenuza, analembanso. Kenako anapukusa mutu, maso atafiira.

"Mng'ono wanga anali ndi mutu. Zonsezi yekha!"

"Anali nawo," anatero amayi, ndipo anapondaponda makina.

Masiku otsatira foni ya amayi sinapume. Achimwene a kutauni, ana a abambo aakulu, ankafunsa ngati lole idzadikire basi yoyamba. Mkazi wa msuweni wanga ankakumbutsa kuti mwana wake sadya mazira. Wina ankafuna nambala ya mbale wake amene sanalankhulane naye chaka chonse. Amayi ankawayankha onse, foni ataipanikiza ndi phewa, manja akusoka mayunifolomu. Sanauze ndi mmodzi yemwe kuti iwo sakapezekako.

Lachisanu ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukwecha poto lalikulu ndi mchenga. Ndinatenga lina.

"Bwanji osawauza?"

"Ndiwauze kuti atani? Asabwere? Abambo ako aone ali kumandako kuti ine ndamwaza anthu awo?"

"Anthu awo? Amayi, pikinikiyi ndi yanu. Abambo ankangoliza wenzulo."

"Wenzulo ndi ntchitonso. Iwe unayesapo kuitana anthu makumi asanu ndi atatu ndi pakamwa pokha?" Anaseka, koyamba m'sabata imeneyo. "Ankayeserera pano pomwe, sabata yathunthu. Agalu a anansi ankachita kubwera kudzafunsa chimene aitaniridwa."

"Nanga bwanji munkalola kuti anthu aziyamika iwo?"

"Ankasangalala. Akamawomberedwa m'manja nkhope inkachita kuwala ngati poto limeneli. Ine zinkandichotsera chiyani?"

"Zakuchotserani mbale."

Anasiya kukwecha, anandiyang'ana. "Maphunziro ako anakupatsa lilime lakuthwa. Koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe sukulu zikatsegula ukwera basi. Ine nditsala pano, ndizikumana nawo kumsika, kutchalitchi, kuchipatala. Usandiyambitsire moto umene sudzakhalapo pouzimitsa."

Ndinavomera ndi mutu. Lolemba ndinapita kwa abambo aakulu.

Pabalaza pawo pakhoma pali zithunzi za pikiniki, chaka ndi chaka, zondanda kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Ndinawapeza atakhala pansi pa zithunzizo ndi envelopu yawo, imene tsopano inali ndi anzake awiri. Azakhali, chitsiriza cha agogo, analiponso, atavula nsapato, mapazi atawasanjika pakatebulo. Pakona amayi aakulu ankasita malaya. Amayi aakulu salankhulalankhula. Pazaka zonse zimene ndawadziwa, mawu awo ambiri akhala akuti "mwadya?" ndi "yendani bwino."

"Abwera aphunzitsi," anatero azakhali. "Akutuma?"

"Ayi, ndadzituma ndekha. Bambo, ndabwera kudzapempha kuti amayi akaimirire nawo pamzere."

"Ukundivuta, mwana iwe."

"Pazithunzi izi, kuyambira apo mpaka apo, palibe chimene mulibe amayi."

"Chithunzi si chingwe," analowerera azakhali. "Amuna a njinga aja aliponso, si awo pachithunzi chachitatu? Tisazungulirezungulire. Mkazi amamera mizu pabanja ndi ana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ngakhale kamwana kamodzi kokha..."

"Ine ndine chiyani, azakhali?"

"Iwe ndiwe wathu. Anangotisungira."

"Chemwali!" Abambo aakulu anamenya tebulo, mapazi a azakhali n'kudumpha. "Mawu amenewo m'nyumba mwanga ayi. Mlamu wanga sanasankhe. Ndipo mwanayu atatsala yekha, tonse tinali ndi zifukwa. Ine nyumba inachepa, inu munali kudwala msana. Iwo sanapereke chifukwa. Ndisamvenso."

Azakhali anakoka milomo, n'kuyamba kufunafuna nsapato ndi phazi.

"Ndiye ngati mukudziwa zimenezo, bambo, vuto n'chiyani?"

Anaimirira movutikira, anandigwira mkono, n'kupita nane pakhoma.

"Iwe umakonda kuwerenga. Werenga mitu apa. Chaka chimene bambo anamwalira tinalipo zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Werenga apa, chaka chatha. Makumi asanu ndi atatu. Banja likukula, chithunzi chikuchepa. Zidzukulu zikuti kumtsinje foni sigwira. Chaka chatha mnyamata wa mwana wanga anabwera ndi chibwenzi, mtsikanayo n'kuimirira kuti, 'Ndine mnzake wa uyu.' Anthu anaseka, mbale anampatsa. Chaka chino mnyamatayo ali ndi wina. Ukuona? Bambo sanandisiyire ng'ombe, sanandisiyire sitolo. Anandisiyira tsiku limodzi ndi lamulo limodzi. Ndikamasula apa chifukwa cha chisoni, mawa wina amasula apo chifukwa cha manyazi, mkuja palibe chimene chikutimanga. Mudzabwerera kokumana pamaliro."

"Koma amene mukumusiyayo ndi amene amamanga zonse."

"Mng'ono wanga ndiye..." Sanamalize. Anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa wenzulo wa abambo aang'ono. Sindinadziwe kuti amayi anawapatsa. "Ndinamuika pakamwa dzulo. Mpweya unakana." Anamubweza m'thumba. "Ine ndimayenera kuyamba, mwana iwe. Ndine woyamba. Awiri onse andipitirira pamzere."

Ndinabwera ndi mfundo zisanu zokonzedwa bwino. Ndinazisiya zonse, n'kukakhala pansi.

Azakhali anatsokomola. "Achimwene, pali kanthu kena. Mpunga wa anthu makumi asanu ndi atatu aphika ndani? Atsikana a masiku ano amaphika wa anthu anayi, n'kupsereza. Ine utsi umandipweteka m'maso. Bwanji mlamuyo abwere adzathandize kumoto? Kumoto sikufuna chingwe."

"Akadye?" ndinafunsa.

"Wophika safa ndi njala."

"Mbale akalandira?"

"Chivundikiro cha poto si chilipo?"

Pakona paja simbi inaima. Ndinacheuka. Amayi aakulu anali akuyang'ana malaya. Patapita kanthawi simbiyo inayambanso kuyenda.

Abambo aakulu anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ukawauze kuti ndapempha. Osati kulamula. Ndapempha."

Amayi aakulu anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Uwauze amayi ako kuti mpeni wanga wakuthwa uja ndidzabweretsa," anatero. "Yenda bwino."

Kunyumba ndinafotokoza zonse, kupatula za mizu. Ndinkayembekezera kuti chivundikiro cha poto chiwakwiyitsa. Amayi anadula ulusi ndi mano.

"Ndipita."

"Amayi!"

"Ana akadye mpunga wosapsa chifukwa cha ine?"

"Akadye! Akadye wosapsa, atsegule m'mimba, adziwe amene ankawaphikira. Akupangani wantchito. Wantchito amalandirako ngakhale zikomo."

"Khala pansi." Anachotsa nsalu pampando wa makasitomala. "Iwe ukuona lamulo. Ine ndikuuze chimene ndikuona. Chaka chonse ine ndine telala. Anthu amabwera, 'Atelala, zipi yafa. Atelala, mwachedwetsa.' Tsiku limodzi lokha pachaka ana makumi atatu amandithamangira. Uyu wasupuka bondo, uyu batani lathothoka, uyu akufuna chiwindi mobisa. Ena amati amayi, ena amati agogo. Pali ena ndinawanyamula ali ofiira, lero akubwera ndi awoawo. Ukufuna ndikhale pano ndi makina, ndizimva lole ikudutsa pamsewu anthu akuimba?"

"Nanga akamatchula zingwe?"

"Ndidzakhala ndikuvundula. Utsi umatulutsa misozi, palibe amene amafunsa."

Anapondaponda makina, n'kuimanso.

"Mawu aja ndi ochepa. Mkazi wa wachitatu wa agogo. Chaka choyamba ndinanjenjemera mpaka ndinati wachinayi, ndiye kuti mkazi wa azakhali ako. Agogo ako anaseka mpaka kutsamwa. Ndiwo anandipatsa mbale ndi manja awo." Anawongola nsalu. "Iwe ukalandire mbale yako mwaulemu. Wamva?"

"Ndamva."

Kumva ndinamvadi. Koma masabata awiri amenewo mutu wanga sunasiye kuzungulira pa chingwecho, ngati funso la mayeso limene wolemba anaiwala mbali ina. Lamulo limati munthu afotokoze mmene walumikizirana ndi agogo. Silinena kuti adzere njira iti. Ndinaona kuti njira ilipo, ndipo njirayo ndine. Ndinkadziwanso yankho limene ndingapatsidwe: kulera si kubala. Ndinalikonzera mawu, ndinawayeserera ndikutsuka mbale, mpaka amayi anandifunsa ngati ndayamba kupemphera masana.

Loweruka lole inafika pa nthawi yake. Kumtsinje ng'ombe zinali zitasamutsidwa, nkhuni zinali mulu. Amayi anatsika kumbuyo ndi mapoto, anamanga mpango, n'kuyamba kuloza: mafuwa apa, ndowa apo, nkhuku zidulidwe chonchi. Akazi onse okwatiwa pabanjapo anawazungulira monga mwa masiku onse. Amayi aakulu anatulutsa mpeni m'chikwama, pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala a mtima a amuna awo, kamene anakaika pamthunzi. Ana anayamba kubwera. Pofika masana amayi anali atamanga mabondo awiri ndi kusoka batani limodzi, singano anali ataibaya kale pampango.

Anthu ankapita kumoto kukapereka moni ndi kupepesa maliro. Palibe amene ankadziwa kanthu. Achimwene a kutauni anawayamika abambo aakulu kuti zonse zayenda ngati kale, ndipo abambo aakulu anayang'ana kumtsinje.

Dzuwa lili pamutu, abambo aakulu anatulutsa wenzulo, anamuyang'ana, anamubweza. Anaomba m'manja. Zinatenga nthawi kuti anthu asonkhane.

Zingwe zimatchulidwa nyumba ndi nyumba, kuyambira ya woyamba. Akazi amachoka kumoto akupukuta manja, amatchula, amalandira mbale, n'kubwerera. Wopereka mbale ndi amayi aakulu, ndipo chifukwa cha ntchitoyo iwo amatchula pomaliza penipeni. Anaima pambali pa amuna awo, mulu wa mbale uli patebulo lopinda.

"Ndine woyamba wa bambo," anatero abambo aakulu. Mbale.

Nyumba yawo ndi yaikulu: ana asanu ndi awiri, akazi ndi amuna awo, zidzukulu. Kamtsikana kena kanakodwa: "Ndine mwana wa mwana wa mwana wa... wa mwana..." Anthu anakuwa kuti, "Wapitirira! Wafika kwa Adamu!" Mnyamata uja anabwera yekha chaka chino, ndipo atangoimirira wina anafuula kuti, "Mnzake wa uyu ali kuti?" Kunali kuseka. Kumoto amayi ankavundula, atatifulatira.

"Nyumba ya wachiwiri."

Nyumba ya wachiwiri ndine ndekha. Ndinaimirira.

"Ndine mwana wa wachiwiri wa agogo."

Amayi aakulu anatambasula mkono ndi mbale. Sindinailandire.

"Ndipo amayi ali kumotowo ndi amayi anga. Choncho chingwe chawo ndi ichi: mayi wa mwana wa wachiwiri wa agogo. Chafika kwa agogo, sichinaduke paliponse. Ndikupempha mbale ziwiri."

Anthu anayang'anizana. "Bwanji? Chawo chakale chatani?" anafunsa achimwene a kutauni. Kunong'ona kunayenda mphasa ndi mphasa, ndipo ndinaona nkhope zikusintha pamene nkhani inkafika. Amayi anatembenuka, supuni yaikulu ili m'manja.

"Mwana wanga, landira mbale," anatero. "Chakudya chikuzizira."

Azakhali anadzuka pamphasa. "Popeza mwanayu wafuna kuti tinene poyera, tinena. Mayi ndi amene..."

"Chemwali, khalani pansi."

"Achimwene, aliyense pano akudziwa kuti..."

"Ndati khalani pansi!"

Azakhali anakhala. Abambo aakulu anavula chipewa. Anayang'ana amayi, amene anali ataima mu utsi pamaso pa anthu makumi asanu ndi atatu, akudikira mawu amene akhala akuwamva kuseri kwa zitseko moyo wawo wonse. Ndinaona pankhope pa abambo aakulu kuti sawanena. Mawu amene ndinakonza aja analibenso ntchito. Abambo aakulu ankafunafuna khomo lina lotulukira, loti lamulo litsale chilili ndipo mlamu wawo asavulidwe pagulu. Analipeza, ndipo nkhope inamasuka.

"Mwana wanga, walankhula mwanzeru, ndipo tonse tikudziwa kuti awo ndi amayi ako. Palibe wotsutsa. Koma nkhani ya ana isalowe pano ayi. Chingwe chimakwera, sichitsika. Mwana amagwira kwa kholo, kholo siligwira kwa mwana. Mkazi amalowa pano ndi mwamuna wake, basi. Kaya anabala, kaya sanabale, kaya ana alipo khumi, n'chimodzimodzi. Mwamuna akapita, chingwe chapita. Si za mlamu wanga yekha, ndi za aliyense. Lamulo silisankha nkhope."

Anamaliza mokhutira, ngati munthu amene wawolotsa mnzake pamadzi osamunyowetsa. Amuna angapo anagwedeza mitu. Wina anati, "Mawu a akuluakulu." Masabata awiri ndinakonzekera khomo limodzi, iwo anatulukira pawindo.

"Nyumba ya wachitatu palibe. Nyumba ya chitsiriza," anaitana abambo aakulu.

Koma kumoto ntchito inali itaima. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a kutauni, amene ankapakula nyama, anaika foloko pansi. Mkazi wa mng'ono wawo anali ndi mwana kumsana, mbale yake ili m'manja. Anaiyang'ana mbaleyo mbali zonse ngati wapatsidwa ya wina, n'kuiika paudzu. Wina anachita chimodzimodzi. Mpunga unayamba kununkha kupserera ndipo palibe amene anathamangira.

Azakhali anali ataimirira kale kuti atchule chawo. Anatambasula dzanja, koma mbale sinabwere. Amayi aakulu anali atabweza mbale yanga ija pamwamba pa mulu, dzanja ataliika pamenepo.

"Mayi, perekani mbale," anatero abambo aakulu chapansipansi.

"Bambo, mubwereze. Sindinamve bwino."

"Ndati mkazi amalowa ndi mwamuna wake."

"Kaya ana alipo khumi."

"Eya, kaya khumi. Perekani mbale, anthu ali ndi njala."

"Anga alipo asanu ndi awiri." Sanakweze mawu, koma ngakhale ana a kumphasa yakumapeto anasiya kusewera. "Zidzukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mphasa zinayi izi ndi za m'mimba mwanga. Mbale izi ndapereka kuyambira chaka chimene apongozi anga anamwalira."

"Mayi, zimenezo tikakambirana kunyumba."

"Kunyumba ndakhala chete zaka makumi anayi ndi zinayi. Lamulo mwalinenera pano." Anayang'ana kumoto, kumene amayi anali ataima ndi supuni yawo, anayang'ana kabotolo ka mankhwala pamthunzi paja, kenako amuna awo, kuyambira kuimvi mpaka kunsapato.

"Inu mukafa chaka chino, chaka chamawa ine ndibwere?"